Malo a Ng'oma za Yotamu

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la waya wopserera. Ankakhala pakhonde m'mamawa, nkhungu isanachoke m'mapiri a Ntchisi, mbaula ili pakati pa miyendo, msomali waukulu uli pamakala mpaka kufiira, ndiyeno n'kuupana ndi pulayala n'kumawotcherera timawaya ta bokosi lawo lokuzira mawu limene ankalitcha ampu. Kautsi ka mtovu kankasakanikirana ndi fungo la fodya amene ankauma m'chigafa pambali pa nyumba, nkhuku zikutola madeya pafupi ndi mapazi awo, iwo akung'ung'udza nyimbo ndi kutukwana waya aliyense amene wakana kugwira. Ine ndinkasesa pabwalo ndikutsokomola dala kuti amve kuti utsiwo ukundisowetsa mtendere. Sankatembenuka n'komwe.

Dzina lawo linali Binoni, koma mudzi wonse, ngakhale ana oyamba kumene kuyankhula, unkawatchula a Mawaya. Anali bambo a mayi anga. Agogo aakazi atamwalira, iwo anabwerera kumudzi kwawo kufupi ndi Kasakula, ndipo mayi ananditumiza kumeneko ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi kuti ndizikawaphikira uku ndikupita kusukulu. Kunena zoona, ophika bwino anali iwowo. Ntchito imene ndinkaigwira mokhulupirika inali yotsutsana nawo, ndipo iwo ankaikonda, chifukwa anthu ena onse anali atatopa nazo zokangana ndi munthu wosagonja ngati ameneyo.

M'chipinda mwawo munali gitala ya magetsi yofiira, utoto utasupuka pamene pankakhudza mkono. M'mudzi mopanda magetsi, gitalayo inkalira ndi batire la galimoto limene ankalimangirira panjinga n'kukalitchajitsa kuchigayo. Akangoilumikiza n'kukanda kamodzi, mbuzi zinkadula zingwe, agalu n'kuyamba kuuwa mpaka kutsidya kwa dambo. Akulu a mpingo anawadula kalekale chifukwa cha nyimbo za roko zimenezi, zoti akuti zimavinitsa anthu ngati ogwidwa ndi mizimu. Agogo sanakapepese. Lamulungu lililonse ankavala jekete n'kukakhala pansi pa mtengo kunja kwa tchalitchi, kumvetsera kwaya, ndipo potuluka ankawauza aphunzitsi a kwayayo kuti anyamata a besi akuthamanga.

Nkhani za bandi yawo ndinkazimva tikusankha fodya m'chigafa, masamba abwino uku, ong'ambika uko. Bandiyo ankaitcha Ziphaliwali, ndipo inali ya anthu anayi. Anayenda nayo pamwamba pa malole a chimanga, anagona pamabokosi a masipika m'masiteshoni a basi, anaimba m'maholo a m'migodi ku Zambia kumene anthu ankavina mpaka nsapato kutha zidendene. Ankati pobwerera, pachipata cholowera m'dziko, anawameta tsitsi onse anayi ndi lumo limodzi lobuntha, chifukwa nthawi imeneyo mwamuna wa tsitsi lalitali anali wolakwira lamulo.

“Ndiye munalira, agogo?” ndinawafunsa.

“Kulira? Tinatuluka mipala ili mbee ngati maungu, n'kukaimba madzulo ake omwewo. Gitala saimba ndi tsitsi, Nabanda.”

Nyimbo zawo sankazilemba papepala. Ankati pepala amakupeza nalo m'thumba pa rodibuloko, koma za m'mutu palibe angazipisemo dzanja. Nyimbo inkayambira pa chilichonse, kaya kugunda kwa injini ya chigayo, kaya mawu a munthu amene wakwiya pamsika. Ankaibwereza popalira, posoka fodya, posamba, mpaka mawu osafunika atayoyoka okha. Ikatha miyezi itatu osaiwalika, ndiye kuti yapsa. Ikaiwalika, ankati inali yabodza kale, ipite.

Za kujambula nyimbo ndiye ankazikamba maso atawala. M'situdiyo ya nthawi yawo munkakhala maiki imodzi yokha pakati pa chipinda. Woimba ankaima pafupi, wa gitala mapazi atatu kumbuyo, wa ng'oma kukona kwenikweni kuti asamize anzake. Kanyali kofiira kakayaka, munkaimba kamodzi basi, chifukwa panja pankakhala mabandi ena pamzere ndipo tepi inali yosowa.

“Lamulo la Ziphaliwali linali limodzi, ndipo ndinaliika ndine,” ankatero akuloza pachifuwa ndi tsamba la fodya. “Nyimbo ikayamba siima. Waya aduke, mawu asase, denga ligwe, umalize kaye. Zolira uzikalira panja.”

Panali nyimbo ina imene ankaiimba motsitsa, gitala asanailumikize ku batire, chitseko atatseka. Inali ndi chinthu chachilendo. Ikafika pakati, ankasiya kukanda, chala chili m'mwamba, n'kuwerenga chamumtima kanayi, kenako n'kupitiriza. Tsiku lina ndinawaseka kuti ukalamba wawaiwalitsa mawu. Sanaseke nawo.

“Pamenepo ndi pa ng'oma,” anatero. “Mwini wake palibe, ndiye ndiikepo chiyani?”

Mwini wakeyo anali Yotamu, mng'ono wawo, woimba ng'oma wa Ziphaliwali. Dzina limeneli ndinali ndisanalimvepo chibadwire, ngakhale kwa mayi anga. Agogo anandifotokozera tsiku lomwelo, manja ali pafodya, osandiyang'ana. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, Loweruka lina masana, ankaimba padansi m'holo ina ya m'dera lathu lomwelo. Pakhoma, kumbuyo kwa ng'oma, panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, monga zinalili m'nyumba iliyonse ya anthu ambiri. Ng'oma zitafika pokoma, khoma linanjenjemera, msomali unazuka, chithunzi chija n'kugwa chafufumimba, galasi phwaa pansi. Ovina onse anaima ngati awathira madzi ozizira. Ng'oma zokha sizinaime, zinamaliza nyimbo. M'mawa mwake kunabwera galimoto, anamutenga Yotamu atavala kabudula wogonera, ndipo sanabwerenso.

Kuyambira pamenepo dzina lake linasanduka ngati khala lamoto. Abale analeka kulitchula, bandi inatha, ndipo maliro sanachitike, pakuti ndani akanalimba mtima kulira munthu amene akuti ananyoza mtsogoleri? Mkazi wake, a Nachisale, anali aja a nyumba yoyang'anizana ndi yathu, amene ine ndinkangowadziwa ngati agogo aang'ono osakonda kuseka. Yotamu anawatenga chitengwa kuchokera kwa Dzoole ali mtsikana. Mwamwambo wathu, mwamuna akamwalira, maliro akalirika, anthu akameta, akuchimuna amamusudzula mkazi kuti abwerere kwawo ali womasuka. A Nachisale panalibe wowasudzula, chifukwa panalibe maliro. Anakalambira pakhomo pa eni ake, osakhala mkazi wa munthu, osakhalanso wamasiye.

Chimene agogo ankafuna chinali chimodzi: nyimbo imeneyi ilowe m'tepi, dzina la Yotamu limveke mokweza, iwo asanafe. Ndipo nthawi inali kuwathera. Zala za dzanja lawo lamanzere zinali zitayamba kuuma, moti m'mawa kukazizira ankaziviika m'madzi ofunda kuti zitambasuke.

Chinali chaka chija tinkayembekezera kusankha koyamba pakati pa zipani zambiri. Kwathu kumapiri anthu ochuluka mtima unali udakali ku chipani chakale, ndipo ngakhale wailesi inkanena kuti tsopano pali ufulu woyankhula, akuluakulu ankayang'anabe kumbuyo asanatsegule pakamwa. Akaidi a ndale anali atayamba kutulutsidwa. A Nachisale ankati akamva kulira kwa basi, ankasiya mtondo n'kukaima kumsewu, chitenje atamanga bwino. Anatero miyezi yambiri. Kenako kunabwera bambo wina wowonda, wopanda mano akutsogolo, amene anali m'chipinda chimodzi ndi Yotamu kundende. Anawauza agogo kuti mng'ono wawo anamwalira chaka chachiwiri chomangidwa, ndi chifuwa, ndipo kumene anaikidwa sakudziwako.

Agogo anapita kukawauza a Nachisale, ine ndili pambuyo. Anakhala pansi pakhonde, chipewa chili m'manja.

“Alamu, munthu uja wanena zoona. Tiyeni timulire mnzathu. Ine ndikufuna ndiimbe nyimbo yake anthu amve.”

“Mwauona mtembo, alamu?” anafunsa a Nachisale akupeta mphale, osakweza mutu.

“Iyayi.”

“Ndiye musandiphere mwamuna ndi gitala yanuyo. Zinakwanira kale zimene inachita.”

Agogo anadzuka, n'kuvala chipewa chawo. Panjira ndinawamvera chisoni koyamba, ine amene ndinkaganiza kuti munthu ameneyu mawu samulasa.

Patapita masiku ochepa kunabwera a Gwaza. Awa anali bambo onenepa, ansangala, oseka ndi aliyense, amene kale anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Tsiku la chithunzi lija anali m'holomo, ndipo mudzi wonse unkadziwa, mosanena, kuti amene anakapereka lipoti anali iwowo. Tsopano anali atavala malaya a chipani chatsopano, akuyendetsa kampeni ya bwana wina wa ku tauni amene ankafuna ukhansala kapena uphungu, sindikumbukanso. Anafika akuseka kuchokera kumsewu.

“Odi kuno kwa akatswiri! A Mawaya, mwayi wanu wafika. Bwana akufuna nyimbo ya kampeni. Galimoto idzakutengani pakhomo pano mpaka ku Lilongwe, situdiyo yeniyeni, mamaiki khumi. Inu kwanu n'kungoikamo dzina la bwana, basi.”

“Nyimbo ndili nayo kale,” anatero agogo. “Dzina lilimonso kale.”

“La ndani?”

“La Yotamu.”

Kuseka kwa a Gwaza kunazima ngati nyali yothera mafuta. Anayang'ana uku ndi uku, ngakhale pabwalopo panali ine ndi nkhuku basi.

“Achimwene, zakale n'zakale. Dziko lasintha, tonse tasintha. Mukufuna kudzutsa chiyani? Anthu adzayamba kulozana zala, mudzi udzagawikana.”

“Musaope, a Gwaza. Dzina lanu mulibe m'nyimbomo. Simunafike poimbidwa.”

“Ndikukuchenjezani ngati mbale wanu.”

“Munandichenjezanso muli ndi malaya ena aja. Kale munkatiuza choti tiimbe, lero mukutiuzanso choti tiimbe. Chasintha ndi telala yekha.”

Ine ndinaseka mokweza, ndipo agogo anandikalipira pamaso pa mlendo kuti ndilibe mwambo. Mlendo atachoka, anandipatsa chinangwa chachikulu pa ziwiri zimene zinali pamoto.

Za ku Lilongwe zinathera pomwepo, koma agogo anati situdiyo amanga okha. Anakabwereka wailesi ya kaseti kwa aphunzitsi ena a pasukulu yathu. Kaseti anaipeza imodzi, yakale, ya nyimbo za ukwati, ndipo anatseka timabowo take ndi timapepala kuti ilole kujambulanso. Chipinda anasankha chigafa, akuti fodya wolendewera amameza phokoso kuposa mabulangete a m'situdiyo za ku tauni. Vuto linali limodzi. Batani lofiira la wailesiyo linali lothyoka, silinkakhala pansi lokha. Pankafunika munthu woti alipanikize ndi chala limodzi ndi linzake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo akangofewetsa pang'ono, tepi inkaima.

“Nabanda, zala zako n'zolimba?”

“Kuposa zanu.”

“Pakamwa ndiye ndikudziwa kale. Tamvera. Batire ili likwanira ulendo umodzi, ndipo zala zangazi sizingabwereze. Ukapanikiza, wapanikiza. Kaya kubwere njoka, kaya kubwere ndani, usachotse chala mpaka ndikuuze.”

Linali Loweruka, cha m'ma teni m'mawa, dzuwa litafunditsa mpweya. Agogo anaviika dzanja m'madzi ofunda nthawi yaitali. Anaika wailesi pampando, anayeza mapazi atatu n'kuikapo ampu, iwo n'kuima pafupi ndi wailesiyo. Kukona kwa chigafa, kumene kukanakhala ng'oma, anasesako bwinobwino n'kusiya popanda kanthu. Anavala jekete lawo la Lamulungu. Ine ndinagwada pambali pa mpando, zala ziwiri zili pamabatani. Anandigwedezera mutu, ndinapanikiza.

Sindinaimvepo gitala ija ikulira ngati tsiku limenelo. Sanaitsitse ngakhale pang'ono. Inabangula, masamba a fodya n'kumanjenjemera pamitengo, fumbi likutsika kudenga, ndipo mawu awo okalamba, osasa, anakwera pamwamba pake:

Yotamu, mwana wa mayi,
ng'oma zako zili kuti?
Chithunzi chinagwa chokha,
msomali unali wadzimbiri.

Dzina lija linatuluka m'chigafa, linadutsa pabwalo, linakafika kuchitsime. Chigafa chilibe makoma, choncho ndinkaona zonse. Azimayi a kuchitsimeko anatula ndowa. Ana anathamangira kwathu. Ndipo kuchokera kumsewu, kumene ankadikira galimoto ya kampeni, a Gwaza anabwera chothamanga, mimba ikugwedezeka, thukuta lili kamukamu.

Kwa agogo sanapiteko, ankawadziwa. Anabwera kwa ine.

“Iwe mwana, zimitsa chimenecho!”

Ndinayang'ana pansi.

“Ukundimva? Chotsa dzanja! Ndikakuneneza kwa ahedi, sukulu uiiwale. Mwana wopanda ulemu iwe!”

Muyenera kumvetsa kuti ine ndinaleredwa kuti wamkulu akayankhula umagwada n'kuchita. Kutsutsana ndi agogo kunali kusewera, izi zinali zina. Ndinkaopa kwambiri, ndipo zala zinali zitayamba kuchita dzanzi. A Gwaza anawerama, mpweya wawo ukundifika pakhosi, dzanja lawo lili pafupi ndi langa. Kundigwira sanandigwire, chifukwa anthu anali atadzaza kale kuzungulira chigafa, akuyang'ana. Ndinaluma mlomo, ndinawonjezera chala cha dzanja linalo pamwamba, n'kupanikiza ndi thupi lonse.

Agogo sanaphonye ngakhale waya mmodzi. Ndipo m'malo mopita pamene ndinkadziwa kuti nyimbo imapita, anaimba ndime imene sindinaimvepo, imene sanaiimbepo ngakhale chitseko chili chotseka:

Unandiyang'ana, mng'ono wanga,
kufunsa ngati tileke.
Ndinagwedeza mutu ndine,
ndinati imba, usaime.

 Zaka zonsezo anthu ankati Yotamu anachita mwano yekha. Koma iye anangomvera mkulu wake, anasunga lamulo la bandi. Agogo ankaimba misozi ikutsikira m'ndevu, maso ali kunyumba yoyang'anizana ndi yathu. A Gwaza anawongoka pang'onopang'ono, pakamwa pali yasa.

Kenako nyimbo inafika pamalo a ng'oma. Agogo anakweza chala, gitala inati zii. M'chigafa monse munalibe ngakhale wotsokomola. Ndinkawerenga nawo chamumtima. Kamodzi. Kawiri.

“Mayo ine! Yotamu mwamuna wanga ine! Mayo!”

Anali a Nachisale. Anali ataima pakati pa bwalo, chitenje chitamasuka, manja ali kumutu. Mfuu imene inakhala m'chifuwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu inatuluka yonse nthawi imodzi, ndipo inalowa m'tepi, pamalo enieni a ng'oma. Agogo anatsitsa dzanja n'kupitiriza. Anaimaliza nyimbo yonse mpaka waya womaliza atasiya kunjenjemera, ndipo pokhapo anati, “Chotsa, Nabanda.” Zala zinakana kuchoka, anachita kuzikanganula okha.

Kwathu mfuu ya maliro ikamveka, palibe amafunsa kuti kodi n'zololedwa. Amayi amene anali kuchitsime anayamba kubuma akubwera, anawagwira a Nachisale n'kulowa nawo m'nyumba. Abambo anavula zipewa n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Anyamata anathyola nthambi zamasamba n'kukaziyala pamsewu, uku ndi uku, monga timachitira kuti odutsa adziwe kuti pano pali zovuta. A Gwaza anaima okha pakati pa bwalo kwa kanthawi. Pamaliro munthu sangaime chilili atavala chipewa pamene anzake akhala. Anachivula, anakakhala kumapeto kwenikweni.

Posakhalitsa galimoto ya kampeni inatulukira, masipika ali padenga, ikutamanda bwana uja mpaka mapiri kuyankha. Itafika pamasamba paja, dalaivala anazimitsa nyimbo, anachepetsa liwiro, anadutsa mwakachetechete ngati wakuba. Anthu a chipani chakale ndi a chatsopano anakhala pamphasa imodzi masiku awiri. Ngakhale akulu a mpingo anabwera, ndipo kwaya inaimba. Mmodzi wa akuluwo, poyamba mwambo, anayenera kunena kuti tasonkhana pamaliro a yani. Anayang'ana anzake, n'kunena kuti, “A Yotamu.” Agogo anayankha mokweza ali kumbuyo, “Sitinamve kuno!” Mkuluyo anabwereza.

Manda sitinakumbe, popeza panalibe woika. Koma kumeta tinameta, ndipo patatha sabata abale a a Nachisale anabwera kuchokera kwa Dzoole. Akuchimuna anayankhula mawu osudzula, anawathokoza chifukwa chosunga pakhomo, anawauza kuti ndi omasuka. Katundu wawo yense anakwana pangolo imodzi.

Asanakwere, anabwera pakhonde pathu. Agogo anaimirira, chinthu chimene sankachitira munthu aliyense.

“Alamu,” anatero a Nachisale, “zimene munaimba zija mukanandiuza kale.”

“Pakamwa pankakana, alamu. Ndimatha kunena zoona ndi gitala basi.”

“Kukhululuka sindinakhululuke. Mwina chaka chamawa, mwina ayi. Koma ndamva.” Anatambasula dzanja. “Kaseti ija ndi yanga.”

Ndinayang'ana agogo. Kaseti inali imodzi yokha padziko lonse. Ankalota kuti adzaitumiza ku wailesi, kuti dziko lonse lidzamve, ndipo zala zawo zinali zitatupa moti tonse tinkadziwa kuti sadzaimbanso chotero. Ndinkayembekeza kuti akana, pakuti kukana ndiye kunali chakudya chawo. Analowa m'nyumba, anaitenga, anaikulunga m'kansalu, n'kuipereka ndi manja awiri.

Ngolo itapita ndinawakalipira. Ndinalira ndi ukali, ndinawaonetsa zala zanga zimene zinali zikupwetekabe, ndinati ndinavutikira chabe.

“Chabe?” anatero. “Mudzi wonse watchula dzina la mng'ono wanga masana dzuwa likuswa mtengo. Gwaza wakhala pansi pamaliro ake. Iwe ukuti chabe? Kasese pabwalo apo.”

Agogo anamwalira patapita zaka zitatu. Ku wailesi nyimbo ija siinamvekepo, ndipo kasetiyo sindinaionenso. Ndinamva kuti a Nachisale ankaiika kawirikawiri mpaka inatha mawu, ndipo kumaliro a agogo anabwera, anakhala m'nyumba ya siwa usiku ndi usana pamodzi ndi abale.

Lero ndine mphunzitsi ku Mvera, ndipo ndili ndi ana atatu. Woyamba atabadwa wamwamuna, ndinati dzina lake ndi Yotamu. Akuchimuna anakana, akuti dzina la munthu wofera kundende ndi latsoka, mwana angadzatsate mapazi. Apongozi anatuma anthu kawiri, amuna anga anandinyengerera sabata yathunthu. Ndinawauza kuti amupatse dzina lina lililonse limene akufuna, koma ine amene ndidzamuyamwitse ndidzamuitana limenelo. Anagonja okha.

Mnyamatayo tsopano ndi wamtali kundiposa, ndipo amadandaula kuti ndimamuchititsa manyazi. Akuti mayi ena amaitana ana awo mwaulemu, koma ine ndimachita kukuwa ngati kwabuka moto, ngakhale iye ali pakhonde pomwepo. Amanena zoona. Ndimaima pakhomo, ndimakoka mpweya, n'kuliponya dzinalo mpaka kutsidya kwa msewu, kuti aliyense wodutsa alimve.

“Ndili pano, amayi,” amatero. “Ndamva kale.”

Ine ndimaitananso kachiwiri.